Musanagulire mwana makina owotcherera, yambani mwawerenga magetsi

A Mkonzi,

Ndiloleni malo pa tsamba lanu lino kuti ndilankhule ndi makolo anzanga a m'midzi, pamodzi ndi azibusa ndi ansembe amene amayang'anira magulu a achinyamata m'mipingo. Nkhani yake ndi ya makina owotcherera zitsulo.

Chifikireni magetsi a MAREP m'misika yathu ya kumidzi, banja lililonse limene lili ndi mnyamata kapena mtsikana wodziwa kugwira chitsulo likufuna kutsegula kagalaja kuseri kwa nyumba. Maganizowo ndi abwino, pakuti ntchito ilipo: mafelemu a zitseko ndi mawindo, ngolo, mawilibala, mbaula, makasu othyoka, njinga za kabaza. Makolo akugulitsa ng'ombe kapena soya wa chaka chonse, ena akupempha ana awo a ku Joni, ndipo mipingo ina ikusonkha kuti achinyamata apeze chochita. Koma makina ambiri ogulidwa chotere sakutha chaka. Ena apsa, ena angofundikidwa chiguduli pakona ya nyumba. Zikatero anthu amathamangira kunena kuti mwanayo ndi waulesi, kapenanso kuti anansi amuchita chipongwe. Ine ndikuti vuto ndi lakuti timayamba kugula makina, za magetsi n'kumaganiza titafika kale kunyumba. Zimayenera kuyambira ku magetsi.

Pepani, uphunzitsi sutha m'magazi, tsono tiyeni tichiteko masamu a Sitandade 6. Magetsi a m'nyumba zathu kuno ndi a ma volt 230. Pulagi yathu ija ya mano atatu amakonamakona ili ndi kafyuzi m'kati kamene kamalola ma amp 13 okha. Tikachulukitsa 230 ndi 13 tipeza ma watt 2,990. Imeneyo ndiyo mphamvu yonse imene soketi wamba ya pakhoma ingapereke, ngakhale mutaipempherera.

Tsopano tione mbali ya makina. Rodi ya mamilimita 2.5, imene imagwira ntchito zambiri za mawindo ndi zitseko, imayaka bwino pa ma amp 70 mpaka 90. Pa ma amp 80 moto wa pansonga ya rodi umadya ma watt osakwana 2,000, ndipo tikaonjezapo zotayika m'makinamo, makina ang'onoang'ono amakono aja otchedwa inverter amakwanabe pa soketi wamba, ngakhale movutikira. Rodi ya 3.2, yowotcherera ngolo ndi zitsulo zokhuthala, imafuna ma amp 100 mpaka 130. Apa ndiye soketi ya 13 yagonja. Kafyuzi kamapsa, mnyamata n'kukachotsa, n'kukulungapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Kuyambira tsiku limenelo chimene chizipsa si fyuzinso ayi, koma soketi ndi nthambo za kudenga. Amene amabweretsa makina ochokera ku South Africa aonapo kuti pulagi yake ndi ya mano ozungulira akuluakulu. Imeneyo ndi ya ma amp 16, ndipo opanga makinawo sanaiike mwangozi. Kuidula n'kuikapo yathu ya 13, kapena kulowetsa nthambo zosenda m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi monga ndimaonera m'misika, ndi kudziitanira moto.

Masamu omwewa amaulula bodza limene ladzaza m'mashopu. Mupeza kamakina kochepa ngati buledi, pambali pake atalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ma amp 300, ena mpaka 400. Wogulitsa amaloza nambalayo, ndipo kholo limene lagulitsa ng'ombe limaona ngati latola. Kuti rodi iyake pa ma amp 300 pamafunika ma watt oposa 9,000. Nanga ma watt 9,000 angatuluke bwanji pa pulagi imene malire ake ndi 2,990? Musawerenge zilembo zikuluzikuluzo. Tembenuzani makinawo, muone kachikwangwani kakang'ono ka kumbuyo kapena pansi. Pamenepo pali nambala yolembedwa I1max, yosonyeza ma amp amene makinawo amakoka kuchokera kukhoma akamagwira ntchito ndi mphamvu zonse. Palinso chilembo X chokhala ndi maperesenti, chimene chimanena kuti pa mphindi 10 zilizonse makinawo angayake mphindi zingati asanapume. Akalemba 60% pa ma amp 100, ndiye kuti mphindi 6 kugwira ntchito, mphindi 4 kupuma. Makina oona mtima a ma amp 140 kapena 160 ndi okwanira galaja ya pakhomo. Makina opanda kachikwangwani kameneka asiyeni pomwepo, wogulitsa alumbire motani.

Ndikudziwa kuti amisiri akale andiwerenga mokwiya, chifukwa iwo amakhulupirira makina olemera aja a thiransifoma, ofunika anthu awiri kunyamula. Ali ndi mfundo. Makina amenewo alibe timapulanga ta magetsi tosachedwa kupsa, sasamala fumbi, ndipo akawonongeka mmisiri wa pamsika amatha kukulunganso waya, pamene inverter ikapsa m'kati nthawi zambiri mpaka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mwinanso kungoitaya. Sindikutsutsa zimenezo. Koma makina olemerawo ndi adyera. Pa rodi yomweyomweyo amakoka magetsi ambiri kuposa inverter, ndipo rodi ikakanirira pachitsulo amakoka mwadzidzidzi mpaka mababu a nyumba zoyandikana kuphethira. Amayenera munthu amene ali pafupi ndi thiransifoma ya pamsika ndipo wakokera nthambo yakeyake yokhuthala. Kwa amene ali kumapeto kwa laini, kumene madzulo chigayo chikaliza babu limachita kufiira ngati nyali ya koloboyi, inverter ndiyo ingamuthandize. Ndipo ponena za makina okulunga pamanja aja a m'bokosi la matabwa, wogula afunse kumene kwachokera waya wa kopa ali m'menemo. A ESCOM akhala akudandaula chaka ndi chaka za anthu ophwasula mathiransifoma kufuna kopa ndi mafuta. Mudzi umene thiransifoma yake yabedwa umakhala mumdima miyezi, chipatala ndi sukulu yomwe, ndipo Mkhristu sayenera kukhala msika wa katundu wotere.

Chenjezo lina lalifupi: makina ena obwera m'makontena kuchokera ku America ndi a ma volt 120. Kuwalumikiza pa 230 ndi kuwapha tsiku lomwelo.

Kumene anthu amaumira kwambiri ndi pa nthambo, chonsecho ndi pamene pagona nkhani. Galaja ifunika laini yakeyake kuchokera pa bokosi la magetsi la m'nyumba, yokhala ndi breaker yake, soketi ya ma amp 16, ndi waya wa earth wolumikizidwa bwino. Aike ndi munthu wa magetsi wokhala ndi chiphaso, osati mphwake wa a mfumu amene anaonererapo anzake akugwira. Utali wa nthambo nawo umadya magetsi. Nthambo ya kopa ya 1.5, ikakhala ya mamita 50 ndipo makina akukoka ma amp 16, imataya ma volt oposa 20 panjira. Ya 2.5 imataya 14, ya 4 imataya 9 okha. Magetsi otayikawo sapita kumwamba, amasanduka kutentha m'nthambomo, makamaka ikakhala yokulungidwa pa chiwilo chake. Rodi imayamba kukanirira, mnyamata amakweza ma amp, nthambo imatenthanso koposa. Tsono taganizirani za amene amakoka magetsi kwa mnansi, mamita 100, ndi waya wa wailesi wolumikizalumikiza, wodutsa pansi pamene ana amasewera opanda nsapato nthawi ya dzinja. Malamulo a magetsi salola zimenezi, ndipo ngakhale akadalola, ine sindikadalola pakhomo panga.

Apa ndipemphe abusa ndi akuluampingo. Gulu la achinyamata likagula makina, musalole kuti azilumikiza pa soketi ya m'tchalitchi kapena ya kunyumba ya abusa poti ndi pamene pali magetsi. Nthambo za m'menemo anaziikira mababu ndi zokuzira mawu. Pa ndalama zimene mpingo wasonkha, patulani za laini ya galaja poyamba, zotsalazo ndiye mukagulire makina, ngakhale akhale ochepa kuposa amene munalonjeza pa guwa.

Za mayunitsi musade nazo nkhawa kwambiri. Yuniti imodzi ndi ma watt 1,000 kwa ola limodzi, choncho makina okoka ma watt 3,000 amadya mayunitsi 3 pa ola ngati rodi ikuyaka osalekeza. Koma palibe mmisiri amene rodi yake imayaka ola lathunthu. Nthawi yambiri imathera kuyeza, kudula, kugogoda makoko ndi kusintha rodi. Chimene chimapha bizinesi si mtengo wa mayunitsi, koma tsiku limene magetsi kulibe pamene mwini chitseko walipira kale theka.

Tonse tikukumbukira chaka cha 2022. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale, dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho munthu wanzeru amaganizirako za jenereta. Koma apa ndi pamene ndalama zambiri zatayikira. Kajenereta kakang'ono kaja kosakaniza petulo ndi oyilo, koonetsera mpira m'mavidiyo, sikafika ngakhale ma watt 1,000. Sikangayatse rodi. Ya 2 kapena 3 kVA imanyenga koposa, chifukwa rodi yaing'ono imayakako pang'ono, mwini n'kusangalala. Koma nthawi iliyonse rodi ikakhudza chitsulo jenereta imabanika, rodi ikachoka imathamanga, magetsi n'kumakwera ndi kutsika, ndipo kukwera ndi kutsika kumeneko ndiko kumapsereza timapulanga ta m'kati mwa inverter. Mapeto ake munthu amataya zonse ziwiri. Tachulukitsani ma amp 16 ndi 230, mupeza 3,680. Jenereta siyenera kugwira ntchito pa malire ake, tsono kwa inverter ya ma amp 140 kapena 160 musatsike pansi pa 6 kVA, ndipo ikhale ndi kachipangizo kowongolera magetsi kotchedwa AVR. Makina olemera a thiransifoma amafuna yaikulu kuposa pamenepa. Yambani mwaliza jenereta, ikhazikike, kenaka muyatse makina. Pomaliza zimitsani makina poyamba. Jenereta yotere imamwa petulo pafupifupi malita 2 pa ola ikamagwira ntchito, ndipo ameneyo alowe pa mtengo wa chitseko, apo ayi mnyamata azigwirira ntchito mwini filing'i siteshoni. Iikidwenso panja. Mu utsi wake muli mpweya wopanda fungo lochenjeza umene umapha m'chipinda chotseka.

Amene akudalira sola ya pakhomo, ya panelo imodzi ndi batire imodzi, aiwale. Panelo ya ma watt 300 ifunika anzake 9 kuti ifike pa 3,000, osawerengera mabatire ndi inverter yaikulu, zimene mtengo wake umaposa makinawo kangapo.

Pali china chimene chimandipweteka mtima ndikamadutsa pamsika. Anyamata amene ena mwa iwo ndinawaphunzitsa kulemba dzina akuwotcherera atavala magalasi a dzuwa, ena akungotsinzina n'kuyang'ana kumbali. Kuwala kwa rodi kumawotcha diso monga dzuwa liwotchera khungu, ndipo ululu wake sumveka nthawi yomweyo. Umadza usiku, maso n'kumachita ngati athiridwa mchenga, misozi osaleka. M'mawa amaikapo mbatata ya kachewere kapena mkaka, n'kubwereranso kuntchito ndi magalasi omwewo. Chigoba chakumaso chokhala ndi galasi lakuda la nambala 10 kapena 11 mtengo wake sufika pa mbuzi, ndipo chigulidwe tsiku limodzi ndi makina, pamodzi ndi magolovesi achikopa ndi nsapato zotseka. Ana asaloledwe kuima n'kumaonerera moto uja. Mapaipi ndi malata opaka zinki amatulutsa utsi woyera wodwalitsa, choncho awotchereredwe pamalo opita mphepo. Mgolo kapena thanki imene munali petulo isayandikire moto ngakhale ikuoneka youma, chifukwa chimaphulika ndi mpweya wotsalira. Ndipo denga la galaja likhale la malata. Kuwotcherera pansi pa tsindwi la udzu mwezi wa Okutobala sindikufuna n'komwe kukambapo.

TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo tsopano m'maboma ambiri muli masukulu a ntchito zamanja kumene zonsezi amaphunzitsa. Ndikupempha kholo kapena mpingo umene ukupita kukagula makina kuti utenge mmodzi wa alangizi a kumeneko, kapena mmisiri wokhazikika, ngakhale kumulipirira minibasi. Asanakwere, ayambe waona bokosi la magetsi la pakhomopo, ayeze ndi mapazi mtunda wofika pamene padzakhale galaja, ndipo akafika m'shopu auze wogulitsa ayatse rodi ya 3.2 pamaso pawo, iyake mpaka kutha, ndalama zisanatuluke m'thumba.

Ine wanu,

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma,
Dedza.