Mlendo wa pa Ilala, Ndalama Yanu Ipite kwa Makolo

Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba. Ikaima pa Nkhata Bay, Likoma, Usisya kapena Ruarwe, anthu onse amathamangira kugombe. Ku Ruarwe kulibe msewu wa galimoto, choncho tsiku la sitima ndilo tsiku la msika. Apaulendo ena amatsika kwa maola ochepa, kuwongola miyendo, kujambula zithunzi n'kubwereranso.

Pempho langa kwa alendo oterewa, a kunja ndi a konkuno omwe, ndi ili: musapatse ana ndalama kapena masiwiti pagombe.

Wina afunsa kuti, kodi kupatsa wosowa si chifundo chimene Mpingo umatiphunzitsa? Ndi chifundo ndithu, koma tiyang'ane zimene chimabala. Mwana amene walandira K1,000 m'mphindi imodzi sadzaonanso chifukwa chokhalira m'kalasi tsiku la sitima. Choopsa kwambiri n'chakuti amazolowera kuti munthu wachilendo wa ndalama ndi wofunika kumutsata. Ife azamba timadziwa kumene chizolowezi chimenechi chimafikitsa atsikana: ku sikelo ali ndi zaka 15, chiuno chisanakhwime. Pa msinkhu umenewu mwana amatha kukanirira pobadwa, ndipo mtsikana akachedwa kufika kuchipatala amatha kutsala ndi fistula, matenda otuluka mkodzo mosalekeza. Amene anapereka siwiti analibe cholinga choipa, koma anatsegula khomo limene woipa adzalowerepo.

Ngati mtima wanu wakhudzidwa, gulani kwa makolo awo. Gulani usipa wouma, nthochi kapena mphasa, ndipo musanenerere mtengo mpaka mayi atagulitsa moluza. Idyani kondowole ndi batala pamalo pamene mwaona madzi ndi sopo wosambira m'manja, chifukwa kolera wa mu 2022 ndi 2023 anavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Mukafuna kupereka zambiri, funsani mphunzitsi wamkulu kapena a kutchalitchi. Musajambule mwana popanda chilolezo cha kholo lake.

Nafenso eni dera tili ndi mbali yathu. Mafumu, miphakati ndi makomiti a sukulu agwirizane kuti sitima ikaima, ana akhale m'kalasi, akuluakulu ndiwo alandire alendo.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iye amakwera sitima n'kupita, koma zimene waphunzitsa mwana zimatsala m'mudzi.