Chenjezo: Musalandire Ndalama Zotseka Pakamwa Mwana Akagwiriridwa ndi Mtsogoleri wa Chipembedzo

Amalawi anzanga, makamaka inu a ku Chembe, Monkey Bay, Malindi, Makanjira ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, tcherani khutu.

Pali mchitidwe umene ukuwononga ana athu mwakachetechete. Mtsogoleri wa chipembedzo akagwirira mwana, nkhani siifika kupolisi. Imathera pakhonde. Makolo amapatsidwa kangachepe, mwana amauzidwa kuti atseke pakamwa, wolakwayo amasamutsidwira kwina. Anthu n'kumati nkhani yatha. Mwanayo ndiye amayenda nayo moyo wake wonse.

Sindikuloza chala mpingo umodzi kapena mzikiti umodzi. Ansembe, abusa, mashehe ndi aneneri ambiri ndi anthu okhulupirika. Ku Chembe kuno uthenga unafika mu 1875, pamene a mishoni ya Livingstonia anamanga msasa wawo woyamba, ndipo manda a ena mwa iwo akadalipo. Kuyambira kale timapereka ana athu m'manja mwa atsogoleri a chipembedzo popanda kufunsa. Timawatumiza kukwaya, kumadrasa, kukatumikira paguwa, kumapemphero a usiku wonse. Wogwirira ana amadziwa zimenezi. Amabisala m'chikhulupiriro chathucho.

Mmene zimayendera mukuzidziwa. Akuluakulu awiri kapena atatu amafika chamadzulo, anthu atalowa m'nyumba. Amakhala pamphasa, amayamba ndi pemphero. Kenako mmodzi amatulutsa envulopu m'thumba la jekete. Amalonjeza thumba la chimanga ndi fizi ya teremu yamawa. Amapempha kuti nkhani ithere m'nyumba momwemo, mpingo usachite manyazi, pakuti munthu wa Mulungu salozedwa chala. Kunja mwera ukuwomba, mabwato ali pamtunda, thandala lilibe usipa, ngongole zili pakhosi. Bambo amayang'ana pansi, amalandira. Mwana ali kuchipinda akumva zonse, ndipo palibe amene wamufunsa kanthu.

Umphawi ndikuudziwa, ndipo bambo ameneyo sindikumunyoza. Koma ndalama imene walandirayo si chipukuta misozi. Ndi mtengo wa chinsinsi. Imateteza wolakwa ndi dzina la mpingo. Ikatha, mwana amatsala ndi mimba, matenda, mantha, ndipo nthawi zambiri sukulu imathera pomwepo.

Chipukuta misozi chenicheni chimadzera kubwalo la milandu, kapena m'mgwirizano umene wolakwiridwa ali ndi loya wake womuyimira. Bwalo limayang'ana ululu umene munthu wamva, chithandizo chimene adzafune, ndi tsogolo limene lasokonekera. Ndalamayo ndi ya wolakwiridwa, si ya amalume kapena ya mfumu. Ndipo siifafaniza mlandu wa kupolisi. Kugona mwana ndi mlandu umene chilango chake chingafike pa ndende ya moyo wonse. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Palibe mfumu, khonsolo ya mpingo kapena komiti ya mzikiti imene ili ndi mphamvu yoweruza mlandu wotere.

Atsogoleri a mipingo, onani zimene zachitikira anzanu kunja.

Mu 2003 dayosizi ya Katolika ya Boston ku America inavomera kulipira madola 85 miliyoni kwa anthu oposa 500. Inagulitsa nyumba ya arkibishopu ndi malo ake. Mu October 2024 dayosizi ya Los Angeles inavomera kulipira madola 880 miliyoni kwa anthu 1,353. Mukaphatikiza ndi zimene inalipira kale, ndalamazo zikuposa madola 1.5 biliyoni. Madayosizi ambiri ku America anafika polengeza kubwalo kuti chuma chawo chagwa.

Chimene chinakweza ndalamazo si uchimo wa wansembe mmodzi ayi. Zikalata zinaonetsa kuti akuluakulu ankadziwa. Ankalandira madandaulo, n'kumusamutsa munthuyo kuparishi ina kumene kunali ana ena. Mipingo inalipira chifukwa cha kubisa.

Wina anena kuti zimenezo n'za azungu. Amve za ku Zimbabwe. John Smyth anali loya wa ku England, mlaliki wodziwika pakati pa a Anglican, amene ankayendetsa misasa ya chikhristu ya anyamata. Mu 1982 atsogoleri ena a mpingo analandira lipoti la nkhanza zake. Sanapite kupolisi. Mu 1984 Smyth anasamukira ku Zimbabwe n'kuyambitsa misasa ina. Anyamata a kumeneko anazunzidwa, ndipo mu 1992 mnyamata wa zaka 16 anapezeka atafa m'dziwe losambira pamsasa wake. Smyth anamwalira ku Cape Town mu 2018 asanamangidwe m'ndende pa zimenezi. Lipoti la Makin litatuluka mu November 2024, Justin Welby, Arkibishopu wa Canterbury, anatula pansi udindo. Mu 2025 ena mwa ozunzidwa a ku Zimbabwe anayamba kufuna chipukuta misozi ku mpingo wa ku England kudzera mwa maloya.

Chinsinsi chinasungidwa ku England, ana a mu Africa ndiwo anachilipira. Kusamutsa kumatero. Amene mwamuchotsa ku Chembe mwakachetechete akakapezeka ku Namwera kapena ku Ntcheu, akakumana ndi ana ena amene makolo awo sakudziwa kanthu.

Kuno kwathu njira ya kubwalo inatseguka kale. Mu August 2020, Justice Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu analamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene anachitidwa nkhanza zogonana ndi apolisi mu October 2019, alandire chipukuta misozi kuchokera ku boma. Mu February 2021, kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana zopereka mapaundi 2.3 miliyoni pa madandaulo a amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi, ngakhale siinavomere kulakwa. Milandu iwiriyi si ya mipingo. Koma inaonetsa kuti bungwe lingathe kuyankha pa zimene anthu ake achita. Boma linayankha, kampani inayankha. Tsiku la mipingo ndi mizikiti likubwera.

Likadzafika, ndalama idzachoka m'chopereka chanu, m'chakhumi chanu, m'malo amene makolo anu anapereka kuti pamangidwe tchalitchi. Sukulu ndi zipatala za mishoni, zimene anthu a m'mbali mwa nyanja amadalira kwambiri, zidzagwedezeka. Ndipo zidzakhala zoyenera kuti olakwiridwa alipidwe. Wowononga chuma cha mpingo sadzakhala mwana wokasuma. Adzakhala mtsogoleri amene anabisa.

Choopsa china ndi nthawi. Lamulo la Limitation Act limaika malire a zaka zimene munthu angasumire kufuna chipukuta misozi. Koma mwana wogwiriridwa ndi munthu amene mudzi wonse umamugwadira sayankhula msanga. Ambiri amatsegula pakamwa ali akuluakulu, ena ali ndi zidzukulu. Envulopu ya pakhonde ija imagula nthawi imeneyi. Zaka zikamapita, umboni umatayika, mboni zimamwalira, khomo la bwalo limatsekeka. Anthu a ku Los Angeles aja anakwanitsa kusuma chifukwa boma la California linasintha lamulo, n'kutsegulira milandu yakale kwa zaka zitatu, kuyambira 2020 mpaka 2022. Aphungu athu, a m'boma la Mangochi poyamba, atengere nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo. Malire a nthawi achotsedwe pa milandu ya kugwirira ana. Mabwalo nawo asachedwetse milandu yotere, chifukwa ndalama yathu siidikira munthu. Mu November 2023 mokha kwacha inagwa ndi 44 peresenti.

Mabishopu a Katolika, a Malawi Council of Churches, a Evangelical Association of Malawi, a Muslim Association of Malawi, ndi inu a mipingo yodziyimira panokha: musadikire samani. Mu 2019 Papa Francis analamula kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo a nkhanzazi. Akhristu a Katolika afunse kuparishi kwawo kuti njirayo ili kuti ndipo akuiyendetsa ndani. Zipembedzo zina zikhazikitse zawo. Woganiziridwa achotsedwe pafupi ndi ana tsiku lomwelo. Nkhani ipite kupolisi. Pakhale thumba la ndalama lothandiza olakwiridwa poyera, lopanda lamulo lakuti akhale chete.

Mafumu, nkhani yotere ikafika pabwalo panu, iperekezeni kupolisi. Musagamule mbuzi.

Makolo, mwana akakuuzani, mukhulupirireni. Kaya ndi mtsikana kaya ndi mnyamata, pakuti anyamata nawo amagwiriridwa. Musamukalipire. Musachape zovala zimene anavala. Thamangani naye kuchipatala asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV ndipo dokotala alembe zimene waona. Kuchokera ku Chembe, kwerani kabaza kapena matola mupite ku Monkey Bay. Kanenani kupolisi, ku Victim Support Unit. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Musasayine kapena kudinda chala papepala lililonse limene akuluakulu abwera nalo. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu onga inu, ndipo a Malawi Human Rights Commission amalandira madandaulo.

Inu amene munalandira kale envulopu, musaganize kuti mwadzimanga. Ndalama imeneyo siiletsa apolisi kufufuza, ndipo mukhoza kukanena ngakhale lero.

Inunso amene zinakuchitikirani kalekale ndipo simunauzepo munthu, mlandu si wanu. Pezani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumuuze. Kenako pitani kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau mukafunse za ufulu wanu msanga, nthawi ya lamulo isanakutherani.