Nkhondo ya ku Korea: Phindu ndi Mtengo wa Kutchinga Chikomyunizimu

Japan itagonja mu 1945, pambuyo polamulira Korea kuyambira mu 1910, America ndi Soviet Union anagawana dzikolo potsata mzere wa 38 wa pamapu, ndipo pofika mu 1948 kunali maboma awiri, la Kim Il Sung ku Pyongyang kumpoto ndi la Syngman Rhee ku Seoul kummwera, lililonse likudzitcha mwini wa Korea yense. Nthawiyi n'kuti America itakhazikitsa ndondomeko yotchinga chikomyunizimu, chomwe ndi ulamuliro wa chipani chimodzi umene umaika minda, mafakitale ndi malonda m'manja mwa boma. Mfundo ya ndondomekoyi, monga anailongosolera kazembe George Kennan mu 1947, inali yakuti Soviet Union isaputidwe kwawo koma iletsedwe kufalitsa mphamvu zake kwina.

Asilikali a kumpoto atadutsa malire pa 25 June 1950, Pulezidenti Harry Truman wa America sanazengereze kuthandiza kummwera, popeza chaka chapitacho Mao Zedong anali atatenga boma ku China ndipo Soviet Union inali itaphulitsa bomba lake loyamba la nyukiliya. Nthambi ya zachitetezo ya bungwe la United Nations inavomereza kuti kummwera kuthandizidwe, zomwe zinatheka chifukwa Soviet Union inkanyanyala misonkhano yake, ndipo maiko 16, kuphatikizapo Ethiopia ndi South Africa, anatumiza ankhondo.

Amene amaikira kumbuyo zimene America inachita ali ndi umboni wolimba. Zikalata za boma la Soviet Union zimene zinatsegulidwa ulamulirowo utagwa mu 1991 zikusonyeza kuti Kim Il Sung anapempha mtsogoleri wa Soviet Union, Joseph Stalin, kangapo chilolezo choukira kummwera, ndipo analandira chilolezocho pamodzi ndi zida mu 1950. Amanenanso kuti pakanapanda thandizo lakunja, anthu a kummwera, amene lero ali ndi chuma chotukuka ndiponso amasankha okha atsogoleri, bwenzi akulamulidwa ndi banja la Kim monga abale awo a kumpoto.

Otsutsa nawo amakumbutsa kuti mkanganowu unali wapachiweniweni asanaulowerere akunja, kuti Rhee nayenso ankafuna kugwirizanitsa dziko ndi mfuti, ndiponso kuti boma lake linali lankhanza, monga zinaonekera pachilumba cha Jeju kumene anthu zikwizikwi anaphedwa kuyambira mu 1948 poganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu. Demokalase yokhazikika inafika kummwera mu 1987 anthu eni ake atailimbanira m'misewu, patapita zaka zambiri za ulamuliro wa asilikali umene America inkagwirizana nawo. Choncho, kwa otsutsawa, chimene chinatetezedwa mu 1950 chinali malire a mphamvu za America osati ufulu wa anthu.

Mbali ziwirizi zimamveka bwino nkhondoyi ikagawidwa pawiri. Gawo loyamba linatha mu September 1950, pamene mkulu wa asilikali Douglas MacArthur anatsitsa asilikali ku Inchon n'kubwezeretsa Seoul, ndipo pamenepo cholinga chotchinga chinali chitakwaniritsidwa m'miyezi itatu. Gawo lachiwiri linayamba mu October, pamene ankhondo a United Nations anawoloka mzere wa 38 uja n'kulunjika kumtsinje wa Yalu pamalire ndi China, osalabadira machenjezo a ku Beijing. China inalowa m'nkhondo, MacArthur anachotsedwa paudindo mu April 1951, mizinda ya kumpoto inasanduka mabwinja chifukwa cha mabomba, ndipo zokambirana zothetsa nkhondo zinatenga zaka ziwiri makamaka pa nkhani yobweza akaidi a nkhondo.

Pangano losiya kumenyana linasainidwa ku Panmunjom pa 27 July 1953, malire ali pafupifupi pomwe anali poyamba, anthu oposa 2 miliyoni atafa, ndipo pangano la mtendere silinachitike mpaka lero. Motero n'zomveka kunena kuti ndondomeko yotchinga chikomyunizimu inapindula pamene inkateteza malire ophwanyidwa, koma inawononga kwambiri pamene inasanduka yofuna kugwetsa boma la kumpoto, ndipo mtengo waukulu anaulipira ndi anthu a ku Korea amene sanafunsidwe pamene dziko lawo linkagawidwa.