Ngozi Yosalembedwa Siphunzitsa Aliyense

Ife a kwa Mfumu Sandwe, a ku Petauke ndi a ku Nyimba timaudziwa bwino mseu waukulu wa Great East, wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Ndiwo umene umatipititsira cimanga ndi nshawa ku msika, ndiponso ndiwo umene watibweretsera maliro ambiri. Tsoka limeneli si lathu tokha: mu 2023 bungwe la zaumoyo la WHO linalengeza kuti anthu okwana 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu caka ciliconse pa dziko lonse.

Kodi n'cifukwa ciani pa ngozi ziwiri zooneka zofanana, ena amaturuka ndi mabala aang'ono pamene ena amafera pomwepo? Akatswiri a m'maiko ambiri tsopano akufunsa makompyuta mwa njira imene pa Cingerezi amaicha machine learning. Kompyuta imapatsidwa mbiri za ngozi zikwizikwi: nthawi, malo, mtundu wa galimoto, mkhalidwe wa mseu, ngati okwera anamanga lamba, ndi mmene anapwetekera. Pozifanizira zonsezi, imaphunzira yokha zinthu zimene zikakumana pamodzi zimabala imfa.

Zina tikuzidziwa kale. WHO imati liwiro likakwera ndi 1 peresenti, ngozi zakupha zimakwera ndi 4 peresenti, ndipo lamba wa m'galimoto angathe kucepetsa imfa za okwera mpaka ndi theka. Cimene kompyuta ingawonjezere ndi kuloza malo ndi nthawi: phiri liti, kona iti, ola liti. Pamenepo apolisi ndi a RTSA, bungwe loyang'anira citetezo ca pamseu, angadziwe poika zikwangwani ndi poima, ndipo a zaumoyo angadziwe poika ambulansi.

Makolo anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo uyu amadziwa zokhazo zimene wauzidwa. Apolisi a Zambia amagawa ngozi m'magulu anayi: zakupha, zopweteka kwambiri, zopweteka pang'ono, ndi zoononga galimoto yokha. Ngozi imene sinafike kwa iwo siipezeka m'gulu lililonse.

Nanga kumidzi kwathu timatani? Njinga yamoto ikagwetsa mayi ndi mwana pa mseu wa fumbi, kapena ngolo ikagundidwa usiku, kawirikawiri mabanja amakambirana pansi pa mtengo, mbuzi n'kuperekedwa, nkhani n'kutha. Wodwala akafika ku cipatala ca Minga kapena ca Nyimba, ena amangoti anagwa yekha, pofuna kuteteza mbale wao. Akamwalira kunyumba patapita sabata, palibe wolemba kuti anaphedwa ndi mseu. Motero kompyuta idzaphunzira za m'tauni ndi za pa tala, ndipo thandizo lidzapita komweko, ife n'kuiwalika.

Kugwirizana kwa mabanja n'kwabwino ndithu, koma sikuletsa kunena zoona. Tiyeni, abale ndi alongo, tidziwitse apolisi za ngozi iliyonse, ngakhale yooneka yaing'ono. Ku cipatala tifotokoze mosabisa malo, nthawi, ndi ngati wokwerayo anavala cisoti. M'miphakati yathu tithandize amasiye ndi osadziwa kulemba kuti nkhani zao zifike koyenera. Wolembedwa lero angapulumutse mwana wa mnzathu amene adzadutse pa kona yomweyo mawa.