Kodi Sukulu Yabwino Tiizindikira Bwanji?

Pamene zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zituluka ku MANEB, mudzi wonse ufunsa funso limodzi: apambana angati? Sukulu imene apambana ambiri itamandidwa, inzake inyozedwa, ndipo ena asamutsa ana awo. Ife titi muyeso umenewu uli ndi ntchito yake, koma pena unyenga.

Mlanduwu suli wa lero. Ku England m'chaka cha 1862, Robert Lowe, amene anayang'anira za maphunziro, anaika lamulo lakuti boma lizipatsa sukulu ndalama monga mwa mayeso. Woyendera sukulu anali kufika kamodzi pa chaka, nayesa mwana aliyense kuwerenga, kulemba ndi masamu. Mwana wosajomba anabweretsera sukulu mashilingi 4, ndipo akapambana zitatu zonsezo anaonjeza mashilingi 8. Nanga chinatsatira nchiyani? Aphunzitsi ambiri, poopa umphawi, anawalowezetsa ana buku loyeseralo pamtima, nasiya nzeru zina zosayesedwa. Chisanafike chaka cha 1900 lamulolo linathetsedwa.

Kwathu kuno msampha uli wa mtundu womwewo. Sukulu yofuna mbiri ikhoza kubweza ana ofooka mu Sitandade 7, nitumiza ku mayeso ochenjera okhaokha. Pamenepo apambana pafupifupi onse, koma ali ngati mlimi woonetsa alendo chimanga cha pachulu, munda wonse utapserera.

Kumbukirani kuti m'chaka cha 1994, pamene fizi ya ku pulayimale inachotsedwa, ana a sukulu anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupi ndi 3 miliyoni. Ochuluka anadzaza makalasi a pansi, ndipo ambiri analekera panjira. Mwana wolekera mu Sitandade 4 salephera mayeso, pakuti sawalemba konse. Dzina lake silioneka pa mndandanda uliwonse.

Chifukwa chake, inu a komiti ya sukulu, pemphani aphunzitsi aakulu mwaulemu kuti akuonetseni kaundula. Werengani amene analowa Sitandade 1 zaka 8 zapitazo, ndipo muone otsala, makamaka atsikana. Funsaninso masiku amene kalasi inakhala yopanda mphunzitsi.

Ndipo inu amayi ndi abambo, ngakhale simudziwa kuwerenga, madzulo ano patsani mwana wanu wa Sitandade 3 tsamba ili, limene sanalionepo kusukulu. Awerenge mokweza mizere itatu, kenaka atseke, akuuzeni m'mawu ake zimene wamva.