Dokotala wa maphunziro amene anakana mpando wa ku yunivesite



Lero ndabwera ndi nkhani ya kutali pang'ono. Ku Hebrew University, mu Jerusalem, kuli malo ochedwa Melton Centre. Munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba amapita kumeneko kukazama pa maganizo a Ayuda okhudza kuphunzitsa: kuphunzitsa munthu n'kutani kwenikweni, nanga woyenera kuphunzira ndani? Nditangomva, ine wa pamsika ndinaseka. Ndinati awa nthawi yawaculukira, abwere adzandithandize kupima kapenta. Koma manje ndinasiya kuseka, cifukwa ca mbiri ya munthu mmodzi, Franz Rosenzweig.

Bamboyu anabadwira ku Kassel, m'dziko la Germany, mu 1886. Mu 1912 anatenga digiri ya udokotala pa nzeru za Hegel. Mphunzitsi wake, Friedrich Meinecke, anafuna kumutsegulira njira yoti aziphunzitsa pa yunivesite. Mu 1920 iye anakana. M'malo mwake anakatsogolera sukulu ya akuluakulu ku Frankfurt yochedwa Lehrhaus, kutanthauza nyumba yophunziriramo.

Anthu ake anali ndani? Ayuda akuluakulu, ena ophunzira bwino ndithu, amene anakula akulankhula Cijeremani, Ciheberi osacidziwa, mabuku a makolo awo ali ngati a eni ake. Mumadziwa manyazi a munthu wa imvi akafuna kufunsa cinthu cimene mwana wa zaka 10 adziwa. Ine ndiwadziwa bwino. Ndinalekezera ku sekondale, ndipo kangapo konse ndagwedeza mutu pamsonkhano ngati ndamva, pomwe sindinamve olo pang'ono.

Rosenzweig anagwira pa manyazi amenewo. Polowa panalibe mayeso. Aphunzitsi ena sanali arabi: Eduard Strauss anali katswiri wa chemistry, Richard Koch anali dokotala wa odwala. Wophunzitsa naye anali wophunzira, ndipo funso la womvera linali ndi malo ake pakati pa phunziro. Taganizani, munthu wa mapepala onse aja kusankha kukhala pakati pa anthu oyamba kumene!

Sanaziyambe yekha zimenezi. Buku lawo la Talmud limasimba kuti mkulu wa ansembe Joshua ben Gamla, kacisi wa ku Jerusalem asanagwetsedwe mu 70, analamula kuti m'boma lililonse ndi m'tauni iliyonse mukhale aphunzitsi, ana aziyamba ali ndi zaka 6 kapena 7. Limanenanso kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 25. Mpaka lero m'masukulu awo a cipembedzo amaphunzira awiriawiri, mwambo umene amaucha chavruta, kuwerenga mokweza n'kumatsutsana. Ukalowa ungayese ndi pamsika.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Digiri yotere ili ndi phindu ngati mwini wake atuluka nayo n'kukakhala pansi ndi anthu amanyazi aja. Ikathera pa kulemberana mabuku okhaokha, madokotala kwa madokotala anzawo, pamenepo kuseka kwanga kuja ndikubwerera nako.

Wina anena kuti: nanga Lehrhaus yomweyo inakhalitsa? Zoona, siinakhalitse. Mu 1922 Rosenzweig anagwidwa ndi matenda opuwalitsa thupi, ndipo patapita zaka zocepa sukuluyo inazilala. Martin Buber anaitsegulanso mu 1933, caka cimene Hitler anatenga boma, Ayuda akucotsedwa pa nchito ndi m'mayunivesite. Inatsekedwa mu 1938. Koma onani nthawi imene anaikumbukira: zitseko zina zonse zikuwatsekekera.

Rosenzweig uja, kulankhula kutatha, manja atafooka, ankaloza zilembo cimodzicimodzi, mkazi wake Edith n'kumalumikiza mawu. Mwa njira imeneyo, kuyambira 1925, iye ndi Buber anali kumasulira Baibulo la Ciheberi m'Cijeremani. Anamwalira mu 1929 ali ndi zaka 42, nchitoyo atafika nayo m'buku la Yesaya.