Alamu anga, masheya ndi nkhani ya kukhothi

Alamu anga apuma pa ntchito ya uphunzitsi chaka chino, ndipo ndalama za penshoni zangolowa kumene. Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi anandikokera pakhonde n'kundionetsa foni. Anzawo a pa gulu la WhatsApp akuti masiku ano ndalama ili m'masheya, za minibasi ndi nkhuku n'zachikale. Sindinatsutse, chifukwa masheya si juga ayi. Chomwe chinandidzidzimutsa ndi mawu omwe anatsatira: "Alamu, musade nkhawa. Kampani ikangotinamiza tikaisumira, ndalama zathu zibwerera."

Ndinawafunsa ngati anagulirapo ana nsapato ku PEP. Anaseka, amvekere, "Ndani sanagulepo?" Basi ndinawakhazika pansi.

Mu 2015 kampani ya Pepkor, mwini wake wa masitolo a PEP, inagulidwa ndi Steinhoff, chimkampani cha mipando ndi katundu wa m'nyumba chomwe masheya ake ankagulitsidwa ku Johannesburg, kenako ndi ku Frankfurt komwe. Malipoti ake a chaka ndi chaka ankaonetsa phindu lokhalokha, moti ngakhale thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma la South Africa linaikamo ndalama zankhaninkhani. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu December 2017 akatswiri ofufuza mabuku a ndalama a Deloitte anakana kusainira lipoti la chaka chimenecho, ndipo bwana wamkulu, Markus Jooste, anatula pansi udindo. Sheya yomwe pa 5 December inali pafupifupi R46, pofika pa 8 December inali pa R6. Masiku atatu okha! Kafukufuku wa PwC, yemwe anatuluka mu 2019, anapeza kuti pakati pa 2009 ndi 2017 m'mabukumo munalembedwa malonda abodza ndi okayikitsa a ndalama pafupifupi mayuro 6.5 biliyoni.

"Ndiyetu anawina mlandu mosavuta," anatero alamu.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mayi wina wopuma pa ntchito, ngati alamu angawa, yemwe anagula masheya a R80,000, anapempha khothi lalikulu ku Johannesburg kuti limulole kusumira kampaniyo, akuluakulu ake ndi ofufuza mabuku m'malo mwa onse omwe analuza. Mu 2020 khothi linakana. Chifukwa chake chimapweteka kumva: akuluakulu a kampani udindo wawo uli kwa kampaniyo, osati kwa aliyense wogula sheya payekha. Akalakwitsa, wovulala pamaso pa lamulo ndi kampani, ndipo ndi iyo yoyenera kusuma. Wamasheya amangomva kuwawa kudzera mu kutsika kwa mtengo. Kwa ine zimenezi zikufanana ndi kuuza munthu yemwe nyumba yamugwera kuti wopweteka ndi khoma, koma chigamulo chinali chimenecho.

Anthu anadzapatsidwabe kangachepe, koma osati chifukwa chopambana mlandu. Milandu itachuluka ku South Africa, ku Netherlands ndi ku Germany, kampani inasankha kukambirana, n'kuika ndalama pafupifupi mayuro 1.4 biliyoni kuti onse agawane, popanda kuvomera kulakwa. Makhothi anamaliza kuvomereza mgwirizanowu mu January 2022, patatha zaka zinayi, ndipo wamasheya wamba anangotola kagawo kochepa ka zomwe anataya. Jooste naye bungwe loyang'anira misika ya ndalama m'dzikomo linamulipiritsa chindapusa cha R475 miliyoni mu March 2024, ndipo anamwalira tsiku lotsatira.

Chinanso chomwe ndinawatsindikira alamu ndi cha mapepala. Pogawana chipukuta misozi chija sankafunsa kuti walira bwanji. Ankafuna umboni: unagula liti, masheya angati, pa mtengo wanji, ndipo unali nawobe pa 5 December 2017? Yemwe anagula bodza litaululika kale analibe chonena. Ndiye taganizani, ife amene lisiti timakulungira mandasi.

Mlongo wanga, yemwe nthawi yonseyi ankamvetsera ali kukhitchini, anatulukira ndi funso lake: "Nanga amene wakuuzani kuti mugule uja ndani? Akalakwitsa mukamusumira pa WhatsApp pomwepo?" Bambo a m'nyumba anangoti kukamwa yasa.

Sindinawaletse kugula. Msika wa masheya wa ku Blantyre uli ndi malamulo ake, ndipo makampani olembetsedwa kumeneko amayenera kusindikiza momwe chuma chawo chayendera. Tinagwirizana kuti apite okha kwa buloka wovomerezeka ndi Reserve Bank, asaike penshoni yonse, ndipo yomwe aikeyo aigawe m'makampani angapo. Mlongo wanga watenga kale chikwama chija amasungiramo mapepala a malo, akuti lisiti lililonse la masheya lizilowa momwemo, ndipo kiyi azisunga ndi iwo.